Mafunso ndi Mayankho: Pusi Womangidwa Pakhonde ndi Malo Osamalira Nyama Zakutchire

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, ndipo akukhudza nyama zakutchire zimene zagwera m'manja mwa anthu komanso malo amene amazisamalira. Tasankhapo asanu ndipo ena tawafupikitsa. Mayina a olemba sitinawatchule, popeza zina mwa zimene afotokoza zikukhudza lamulo ndipo sitikufuna kuti munthu achite mantha kufunsa.

FUNSO: Zaka ziwiri zapitazo bambo a kunyumba anagula kamwana ka pusi kwa anyamata ena panjira yokwera ku Ku Chawe, chifukwa kanali kowonda ndipo anakamvera chisoni. Tinakalera ndi mkaka ndi phala, ndipo kankagona m'nyumba ngati mwana. Tsopano wakula, amang'amba makatani, amaba zakudya kwa aneba, ndipo sabata yatha analuma mdzukulu wanga pamkono. Panopa tam'manga ndi tcheni pakhonde. Kodi tikamusiye kuphiri kumene anachokera, kapena alipo malo amene angamulandire? Nanga tikakanena, satimanga? (Mayi wa ku Matawale)

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi mdzukuluyo, chifukwa ndiye sangadikire. Ngati simunapite naye kuchipatala, pitani naye lero ndipo mukafotokoze kuti chimene chinamuluma ndi pusi, kuti achipatala aone za katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, choncho kupola kwa bala pakhungu si chifukwa chokhalira pansi. Zikadzachitikanso kwa wina aliyense, bala lotere limatsukidwa nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 munthu asananyamuke kupita kuchipatala.

Tsopano za pusiyo. Kuphiri musakamusiye, ngakhale kuti maganizo amenewo akuoneka achifundo. Apusi amakhala m'magulu okhala ndi malire awo, akuluakulu awo ndi mwambo wawo, ndipo mlendo amene sadziwa kugonja kapena kupereka ulemu pamaso pa wamkulu amalumidwa ndi kupirikitsidwa. Komanso pusi wanuyo sanaphunzire zimene anzake amaphunzira ali pamimba pa amawo. Akatswiri amene anafufuza apusi ku Amboseli m'dziko la Kenya anapeza kuti nyamazi zili ndi kulira kosiyana kochenjezera za kambuku, za chiwombankhanga ndi za njoka, kotero kuti zikamva kwa kambuku zimakwera mumtengo, zikamva kwa chiwombankhanga zimayang'ana kumwamba ndi kubisala m'zitsamba, ndipo zikamva kwa njoka zimaimirira ndi miyendo iwiri kuyang'ana mu udzu. Mwana wa pusi amazolowera kugwiritsa ntchito bwino kulira kumeneku poonera akuluakulu, pamene wanuyo waonera anthu akuphika nsima. Mukamusiya pafupi ndi damu la Mulunguzi, iye adzatsata fungo la chakudya cha alendo odzacheza kapena kutsikira kunyumba za anthu, ndipo mapeto ake ndi mwala, agalu kapena poizoni. Palinso nkhawa ya matenda, chifukwa nyama imene yakhala zaka ziwiri m'nyumba ya anthu ikhoza kutengera apusi akutchire matenda monga chifuwa chachikulu.

Kumusunga nakonso sikungatheke. Pusi wa zaka ziwiri akadali wamng'ono, ndipo ngati ali wamphongo adzafika pachimake ali ndi zaka pafupifupi zisanu, mano ake akuthwa atatalika, ndipo pamenepo kuluma kwa sabata yathaku kudzaoneka ngati masewera. Pusi wosamalidwa bwino amatha kupitirira zaka 20 ali moyo. Ganizirani zaka zonsezo ali patcheni imene imadya chiuno mpaka kuchita zilonda.

Malo oyenera alipo, ndipo ndi Lilongwe Wildlife Centre, amene ali m'nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa mzinda wa Lilongwe. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ya National Parks and Wildlife, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi nyama pafupifupi 200, zochuluka mwa izo kukhala apusi ndi anyani amene nkhani zawo n'zofanana ndi ya wanuyu. Musamukweze m'minibasi kuti mupite naye nokha, pakuti ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 300 kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, ndipo kuyenda ndi nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu paokha. Dziwitsani a bungweli kapena a nthambi ya bomayo, muwauze msinkhu wa nyamayo, zimene imadya ndiponso kuti yaluma munthu, ndipo iwo ndiwo adzakonza kanyamulidwe kake. Za kumangidwa, lamulo lathu sililola munthu kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo, ndipo zimenezo sindingakubisireni. Komabe ntchito ya opulumutsa nyama ndi yofuna kuti nyamayo ichoke patcheni, ndipo munthu amene wapita yekha kukanena sali pamalo amodzi ndi amene wagwidwa akutsatsa malonda pamsewu.

Akafika kumeneko, pusiyo adzayamba wakhala payekha kwa masabata angapo pamene madokotala a zinyama akumuyeza matenda ndi kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Pambuyo pake amayamba kumuonetsa anzake kudzera pawaya, kenako kumuphatikiza ndi mmodzi kapena awiri ofatsa, mpaka gulu lonse litamulandira, ndipo ntchito imeneyi imatenga miyezi chifukwa ikapupulumidwa pamakhetsedwa magazi. Ana aang'ono kwambiri amawapezera pusi wamkazi woti awalere ngati ake. Gulu likakhwima ndi kuonetsa kuti limadziwa kufuna chakudya ndi kuopa adani, limatha kukamasulidwa kumalo otetezedwa monga ku Kasungu kapena ku Vwaza, kumene anthu amalitsatira kwa miyezi yambiri kuti aone ngati likupirira. Si onse amene amabwerera kutchire. Amene anazolowera anthu mopitirira, kapena amene anazulidwa mano ndi eni ake, amakhala pamalopo moyo wawo wonse, koma amakhala pakati pa apusi anzawo, m'mitengo.

Mawu amodzi kwa bambo a kunyumbawo, mwaulemu. Akale anati chifundo chinapha nkhwali, koma pankhani iyi chifundo cha wogula chimapha mayi wa pusi wotsatira. Pusi wamkazi sataya mwana wake ali moyo, ndiye kuti kamwana kafike pamsewu, kawirikawiri mayi wake amakhala ataphedwa, ndipo ndalama imene yaperekedwa imauza wogulitsayo kuti msika ulipo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu. Ana akufuna kuthandiza malo osamalira nyama zopulumutsidwa, koma ndalama zimene tingasonkhe n'zochepa ndipo ku Lilongwe n'kutali. Kodi titumize chimanga ndi nthochi, kapena tichite chiyani kuti thandizo lathu likhale laphindu? (Mphunzitsi wa ku Domasi)

YANKHO: Aphunzitsi, nthochi za ku Domasi zikafike ku Lilongwe zitapsa kale, ndipo mtengo wozinyamulira ungapose mtengo wa nthochizo. Chimanga nachonso si chakudya chimene malo otere amadalira kwambiri, popeza nyama iliyonse ili ndi muyeso wake wa masamba, zipatso, nyemba ndi zina umene madokotala anakonza, ndipo nyani wodya zokhuthala zokhazokha amanenepa ndi kudwala ngati mmene zimachitikira ndi munthu. Choncho musanatumize katundu aliyense, lemberani a malowo muwafunse chimene chikusowa nthawi imeneyo. Mwina adzakuuzani zinthu zimene simunaziganizire, monga mabulangete akale ofunditsira ana amasiye a nyama, ndowa kapena sopo.

Anthu ambiri akamaganiza zothandiza amaona chithunzi cha kamwana ka nyani kakumwa mkaka m'botolo, koma ndalama za malo otere zimathera pa zinthu zosakopa maso: malipiro a osamalira nyama amene amadzuka usiku kudyetsa ana amasiye maola angapo aliwonse, mankhwala ogonetsera nyama poichita opaleshoni, mafuta a galimoto yokatenga nyama kutali, ndi kukonza mpanda wamagetsi umene anyani amauyesa tsiku ndi tsiku kuti aone ngati wazima. N'chifukwa chake ndalama yoperekedwa popanda kuikira malire, ngakhale ikhale yochepa, imathandiza kuposa mphatso imene woperekayo wasankha yekha. Ilipo njira ina imene ana amaikonda, yoti gulu lisankhe nyama imodzi n'kumapereka kangachepe pachaka m'dzina lake. Muwafotokozere anawo poyambirira kuti nyamayo sikhala yawo ndipo sadzainyamula, komanso kuti ndalamazo zimathandiza ndi nyama zina zomwe. Ndalama muzipereke kudzera njira imene bungwelo lakuuzani, ndipo mulandire lisiti, chifukwa alipo akamberembere amene amagwiritsa ntchito zithunzi za nyama pa Facebook popempha thandizo lolowa m'thumba mwawo.

Koma ngati mukufuna maganizo anga enieni, thandizo lalikulu la kalabu yanu lili ku Domasi komweko. Nyama iliyonse imene sinachotsedwe kutchire yapulumutsa malowo ku ndalama zodyetsera zaka 20 kapena 30, poti nyani amakhalitsa kuposa pusi. Ana anu ndi amene amadziwa mnzawo amene ali ndi legeni, nyumba imene ikusunga kamba m'mgolo, ndi munthu amene amatchera misampha ya waya m'munsi mwa phiri la Malosa. Akamvetsa chifukwa chake zimenezi zili zoipa, uthengawo umafika kwa makolo madzulo omwewo. Lembetsani kalabuyo ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba m'chaka cha 1947 ndipo lili ndi nthambi ku Zomba. Za ulendo, Liwonde National Park ili pafupi nanu, ndipo kuchokera pamene a African Parks anayamba kuiyendetsa mu 2015 kunabwezeretsedwa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Mwana amene waona njovu ikumwa madzi mumtsinje wa Shire sasowa kumufotokozera zambiri za kusiyana kwa nyama yomasuka ndi yomangidwa.

FUNSO: Ine sindikumvetsa. Chidutsireni namondwe wa Freddy mabanja ambiri kuno sanaimebe bwino, zipatala zikusowa mankhwala, koma tikumva kuti kuli malo kumene anyani amadya zipatso ndi kuonedwa ndi dokotala. Anyani omwewo ndi amene amatithera chimanga m'minda ya m'munsi mwa phiri. Kodi nzeru zake zili pati? Ndinamvanso kuti anachita kubweretsa mikango kuchokera kunja. (Bambo wa ku Chinamwali)

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi lomveka ndipo sindilipeputsa, pakuti amene sanalindepo munda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa sangadziwe mkwiyo umene gulu la anyani limautsa likathyola chimanga chachiwisi m'mphindi zochepa. Choyamba ndi gwero la ndalama. Bungwe loyendetsa malowa si la boma, ndipo limadalira kwambiri anthu ndi mabungwe amene amapereka ndalama zawo ndi cholinga chosamalira nyama. Malowo atatsekedwa mawa, ndalamazo sizingasamukire kuchipatala chathu, koma zingapite kumalo ena otere m'dziko lina, ndipo Amalawi amene amagwira ntchito kumeneko ndi alimi amene amagulitsako masamba ndi amene angaluze.

Chachiwiri n'chakuti lamulo silingagwire ntchito popanda malo otere. Wapolisi akalanda nyama yamoyo kwa wogulitsa, ayenera kukhala ndi koipititsa tsiku lomwelo, apo ayi idzafera kupolisi kapena iye adzaleka kulanda. Lamulo la National Parks and Wildlife Act litakonzedwanso n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, zilango zinakwera kufika zaka 30 za ukaidi pa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo nyama zambiri zamoyo zimene zimakhala umboni pamilandu imeneyi zimasungidwa ndi kuchiritsidwa kumalo amenewa. Madokotala a bungwe lomweli ndi amenenso amathandiza kuchotsa waya wa msampha pamwendo wa njovu m'mapaki athu, ndipo njovu yovulala ikasiyidwa ndi ululu ndi imene imakhala yoopsa kwa anthu a m'midzi yozungulira.

Za mikango mwamva zoona. Mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella unachokera kumalo oonetsera nyama a ku Romania mu 2009, ndipo wamphongo wotchedwa Simba unafika mu 2014 kuchokera ku Belgium, zonsezi mothandizidwa ndi bungwe la Born Free. Mikangoyi inabadwira m'manja mwa anthu ndipo sikanatha kusaka. Pamenepa ine ndili mbali yanu pang'ono, chifukwa ndikanakonda kuti mphamvu zambiri zipite ku nyama zathu zomwe zingabwerere kutchire, ngakhale sindingakane kuti mikango iwiriyo inachititsa ana ambiri a sukulu kudziwa kuti malowo alipo.

Vuto la minda yanu silingathetsedwe ndi malo osamalira nyama, popeza ntchito yawo si yotola anyani athanzi kuphiri. Koma dziwani kuti anyani amatsika kwambiri pamene mitengo yachilengedwe ya zipatso yatha chifukwa cha makala ndi moto wolusa, komanso pamene alendo awazoloweretsa kuponyeredwa zakudya pamsewu wa kuphiri mpaka asiya kuopa munthu. Kulinda mosinthana ndi eni minda yoyandikana kumathandiza kuposa aliyense kulinda payekha, ndipo zikafika povuta kadandauleni kwa a nthambi ya nyama zakutchire. Poizoni musamuyese, chifukwa amapha agalu ndi mbalame zomwe, ndipo ana amatola zinthu m'minda.

FUNSO: Mlamu wanga anapeza ngaka m'munda ndipo anthu akumuuza kuti ndi chuma chambiri, aisunge mpaka wogula apezeke. Panopa ili m'thumba m'nyumba ndipo ikukana kudya. Tiipatse chiyani? (Mlongo wanu wa ku Jali)

YANKHO: Achemwali, palibe chimene mungaipatse. Ngaka ilibe mano, imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo imachita kuzifukula yokha n'kuzinyambita ndi lilime lake lalitali. Ngakhale kumalo osamalira nyama saidyetsera m'mbale: wosamalira amapita nayo kutchire tsiku lililonse n'kumaitsatira pambuyo kwa maola angapo ikufuna chakudya, mpaka italemera mokwanira kuti imasulidwe. Ngaka zambiri zolandidwa zimafika zitatha madzi m'thupi ndiponso zitagwidwa chibayo chifukwa chosungidwa m'matumba kwa masiku ambiri, ndipo zina sizipulumuka.

Auzeni alamu anuwo kuti chimene ali nacho m'nyumbamo ndi mlandu waukulu. Ngaka ili m'gulu la nyama zotetezedwa kwambiri zija za chilango chofika zaka 30, ndipo makhoti athu akhala akutumiza anthu kundende zaka zingapo chifukwa chopezeka nayo. Malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa pamsonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016. Mamba amene anthu amawafunawo ndi opangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo zathu, ndipo alibe mankhwala aliwonse. Lero lomwe dziwitsani apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire, makamaka kudzera mwa amfumu kuti pakhale mboni yoti mwaipereka nokha. Podikira, ichotseni m'thumbamo, muiike m'bokosi lolimba lokhala ndi mabowo a mpweya ndi kansalu pansi, pamalo a phee opanda dzuwa, ana ndi agalu. Musaikakamize kufunyulula ikadzipinda, ndipo musatumize zithunzi zake pa WhatsApp.

Popeza nyengo yotentha tchire yayandikira, ndionjezepo za ana a agwape, amene anthu amawatola poganiza kuti ndi amasiye. Gwape amabisa mwana wake mu udzu n'kupita kukadya, ndipo amabwerako kudzamuyamwitsa. Ngati kamwanako sikanavulale ndipo moto suli pafupi, kasiyeni pomwepo. Mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, ndipo ambiri otoledwa amafa ndi zimenezo asanafike kwa odziwa.

FUNSO: Ndikuphunzira sayansi ya zamoyo pa yunivesite kuno ku Zomba ndipo ndimakonda nyama kwambiri. Ndikufuna kukadzipereka kumalo osamalira nyama nthawi ya tchuthi. Kodi amalola kunyamula ndi kusewera ndi nyamazo? (Wophunzira wa ku Chikanda)

YANKHO: Mwana wanga, ngati chimene ukufuna ndi chithunzi uli ndi pusi paphewa, ukakhumudwa. Malo amene amatsatira malamulo a mabungwe monga Pan African Sanctuary Alliance salola kugwiragwira nyama popanda chifukwa, popeza nyama yozolowera manja a munthu imavuta kuibwezera kutchire. Ngakhale amene amalera ana amasiye amayesetsa kuti mwanayo asamuke msanga kuchoka m'manja mwawo kupita kwa mayi wa mtundu wake. Malo oterewa saswetsanso nyama kuti zichuluke ndipo sagulitsa, ndiye ukadzaona malo ena akulipiritsa anthu kuti anyamule ana a nyama chaka ndi chaka, udzifunse kumene anawo akuchokera.

Ntchito imene ikukudikira ndi yodula masamba ndi zipatso m'mawa, yokolopa makola, yothyola nthambi zoti nyama zidye, yobisa chakudya m'mabokosi ndi m'zipika kuti nyama zizivutikira pochipeza monga zimachitira kutchire, ndi yokhala pansi maola awiri ndi kope ukulemba kuti ndani wapesa ubweya wa mnzake ndipo ndani wathamangitsa yani. Zolembazo ndi zimene zimathandiza kudziwa ngati gulu lakonzeka kumasulidwa, ndipo kwa wophunzira sayansi ngati iwe zikhoza kukhala chiyambi cha kafukufuku wa chaka chomaliza. Yembekezera kufunsidwa za katemera wa chiwewe ndi umboni woti ulibe chifuwa chachikulu, ndipo tsiku limene uli ndi chimfine usayandikire apusi. Lembera a bungwelo miyezi ingapo tchuthi chisanafike, uikemo kalata ya mphunzitsi wako, ndipo ukonzeretu kokagona ku Lilongwe. Ukadzaona kuti mtima wako uli pa kuchiza nyama, maphunziro a udokotala wa zinyama amaperekedwa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo a ntchito ya m'nkhalango ndi m'mapaki ali ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza.